Shuta amene ankaphonya akamasewera pakhomo: lipoti la mphunzitsi wa ntchemberembaye

Mwanayo ndi vuto lake

Lipotili likunena za mtsikana wa zaka 16, wa Fomu 3, amene amavala GS (womwetsa zigoli wamkulu) mu timu ya ntchemberembaye ya pasukulu yasekondale yoyendera imene ndimaphunzitsapo. Dzina lake ndi la sukulu ndazisunga. M'munsimu ndizingoti shuta. Iye ndi mayi ake anavomera kuti ndilembe. Ndalemba chifukwa ana otere alipo ambiri m'matimu athu, ndipo ambiri timawasiya pa benchi titawapatsa dzina loti ndi amantha.

Masana a Lachiwiri ndi Lachinayi, tikakhala tokha pabwalo, mwanayu akalandira mpira pafupi ndi chitsulo anzake ankayamba kubwerera pakati mpira usanalowe n'komwe. Ndi wamtali, wa manja aatali, wosalankhulalankhula. Koma likafika tsiku la mpikisano pabwalo lathu lomwelo, sukulu yonse itazungulira mzere, ng'oma ikulira, zinthu zinkasintha. Anyamata ankamuimbira kuti "Mwai! Mwai!" pomufanizira ndi Mwai Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015. Shuta wathuyo ankaphonya ali pansi penipeni pa mphete. Kangapo wezulo inalira iye akadali ndi mpira m'manja, masekondi 3 amene lamulo limalola atatha.

Aliyense anali ndi yankho lake. Anzake mu timu ankanong'onezana kuti amumanga, ndipo mmodzi anafika pondipempha kuti tiziwaza mchere pa chitsulo mpira usanayambe. M'chipinda cha aphunzitsi ena ankati mwanayu alibe mtima wa mpikisano, wina n'kuti wayamba kudzimva. Malangizo awo onse anali amodzi: apume, alowe wina. Inenso ndinatsala pang'ono kutero. Chinandiletsa n'chakuti ndinkamuona Lachinayi lililonse, ndipo sindikanatha kunena kuti luso alibe.

Zimene kope linaonetsa

Ndisanasinthe chilichonse ndinapatsa kope ndi cholembera mtsikana wina wa Fomu 2 amene anali atavulala bondo. Ntchito yake inali kuchonga mpira uliwonse umene shuta waponya: walowa kapena ayi, anaima pati, inali kota yachingati. Mphunzitsi mnzanga ankajambula pa foni. Tinatero teremu yonse yachiwiri, ku pulakatisi, pa masewero a pakhomo ndi a koyenda.

Tsiku limene linatsegula maso anga ndi limene tinakasewera ndi sukulu ina yogonera pompo, yaikulu kuposa yathu. Anthu anali ambiri kuposa amene timakhala nawo kwathu, ndipo sanatikomere mtima: malikhweru, kukuwiza, kumenya zitini nthawi iliyonse shuta akakweza mpira. Tsiku limenelo anamwetsa ngati ali ku pulakatisi. Sabata yotsatira tinali pakhomo, anthu ocheperapo, onse omukonda, ndipo mipira yoposa theka inagunda mphete n'kubwerera. Nditayalika masiku onse m'kope muja, oipitsitsa anali aja amene mayi ake anabwera kudzaonerera. Mayiwo nawonso anali shuta pa utsikana wawo. Tsiku loipa kuposa onse anabwera ndi amalume ake a mwanayo, amene amamulipirira fizi.

China chimene ndinali ndisanachione ndi chakuti anthu sankamuonongera masewero onse. Kuthamanga, kudumpha, kuzemba GK (wotchinga wa timu ina amene amalimbana ndi shuta), kulanda mpira wobwerera pa mphete, zonsezi zinkakwera anthu akachuluka. Pa masiku omwe ankaphonyawo ankakhala wamphamvu ndi wachangu kuposa Lachinayi lililonse. Chinkagwa ndi chimodzi chokha, kuponya.

Zithunzi za pa foni zinaonetsa mmene kunkagwera. Ku pulakatisi mpira unkakhala pamwamba pa mutu, utakhazikika pa zala za dzanja lamanja, chigongono chili pansi pake, lamanzere likungouchirikiza m'mbali. Pa masewero a pakhomo mpira unkatsika mpaka pamphumi, nthawi zina mpaka pachibwano, ndipo dzanja lamanzere linkakankha nawo. Mpira unkapita wopanda uta, mothamanga, n'kukagunda kutsogolo kwa mphete. Mphete ya ntchemberembaye ili mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo kumbuyo kwake kulibe thabwa loti libweze mpira m'kati monga zilili pa basketball. Mpira wopanda uta ulibe polowera.

Apa ndi pamene ndinadziona ndekha m'nkhaniyi. Mwanayu anaphunzira kuponya ali ku pulayimale, ali wamng'ono, akukankha mpira ndi manja awiri kuchokera pachifuwa, chifukwa mphamvu zofikitsira mpira kumwamba ndi dzanja limodzi analibe. Anaponya choncho zaka zambiri. Atalowa Fomu 3 ndine ndinamusintha, ndipo chifukwa chake chinali chomveka: wotchinga amaloledwa kuima mamita 0.9 kuchokera pa phazi limene shuta waponda nalo, ndipo GK wamtali amauphimba mosavuta mpira wochokera pachifuwa. Koma kaponyedwe katsopanoka kanali ka miyezi yowerengeka chabe. Chimene tinkaona pabwalo sikanali kakale, sikanali katsopano. Kanali kosakaniza, koipa kuposa konse kuwiri.

Ndinakhala naye pansi pa mtengo wa mango, anzake atapita.

"Iwe, ukamaponya kwa eni kuja umaganiza chiyani?"

"Palibe, aphunzitsi. Ndimangoona mphete. Anthu aja sandidziwa."

"Nanga kuno?"

Anakhala chete nthawi yaitali akuthothola udzu. "Kuno ndimamva mawu a mayi pakati pa anthu onse aja. Ndiye ndimafuna ndisalakwitse. Ndimayamba kukumbuka zimene munandiuza, chigongono, mawondo, dzanja lamanzere lisakankhe. Ndikamaliza kukumbuka, wezulo yalira."

"Ukaphonya umayang'ana kuti?"

"Kwa inu."

Mmene ndinalimvera vutoli

Nkhani ya anthu oonerera si yachilendo kwa ofufuza. Mu 1898 Norman Triplett wa ku Indiana University ku America anaona m'zolemba za mipikisano ya njinga kuti opalasa ankathamanga kwambiri akakhala ndi anzawo kusiyana ndi akamapalasa okha kulimbana ndi wotchi. Kenako anatenga ana 40 n'kuwapatsa ntchito yokulunga chingwe pa kachipangizo ka mbedza, nthawi zina ali okha, nthawi zina akupikisana ndi mnzawo. Ambiri amakumbukira kuti ana 20 anafulumira mnzawo atakhalapo. Amaiwala kuti 10 sanasinthe kwenikweni, ndipo 10 ena anachita moipirapo chifukwa chotengeka mopyola muyeso. Ana 10 omalizawa ndi amene ine ndimakumana nawo pabwalo.

Kwa zaka zambiri ofufuza ankapeza zotsutsana, ena akuti oonerera amathandiza, ena akuti amasokoneza, mpaka Robert Zajonc wa ku University of Michigan anazilumikiza mu 1965. Iye anati kukhalapo kwa anthu kumadzutsa thupi, ndipo thupi likadzuka limatulutsa chimene linazolowera kwambiri. Chozolowerekacho chikakhala cholondola, munthu amaposa mmene amachitira masiku onse. Luso likakhala latsopano kapena lovuta, chizolowezi chakale chimatulukira n'kulikankhira pambali. Mu 1982 James Michaels ndi anzake anaziona pa osewera pool pa yunivesite ina ku America: anthu 4 ataima pafupi n'kumaonerera, akatswiri anakwera kuchoka pa mipira 71 kufika pa 80 mwa mipira 100 iliyonse, pamene osadziwa bwino anatsika kuchoka pa 36 kufika pa 25. Shuta wathu anali zonse ziwiri m'thupi limodzi. Pa kuthamanga ndi kudumpha anali katswiri wa zaka zambiri. Pa kaponyedwe kamene ndinamupatsa anali wophunzira.

Koma Zajonc payekha sakanafotokoza chifukwa chimene anamwetsera koyenda, pamaso pa khamu lalikulu. Mu 1968 Nickolas Cottrell anaonetsa kuti anthu omangidwa nsalu kumaso, ngakhale atakhala m'chipinda momwemo, sasintha kachitidwe ka munthu monga amachitira anthu amene akumuyang'anitsitsa. Chimene chimaluma si kuchuluka kwa mitu, koma kudziwa kuti wina akukuyeza. Ndipo si woyeza aliyense amene amalemera mofanana. Jennifer Butler ndi Roy Baumeister anapeza mu 1998 kuti pa ntchito zovuta zofuna luso, anthu ankachita moipirapo akamaoneredwa ndi owafunira zabwino kusiyana ndi akamaoneredwa ndi osawalabadira kapena otsutsana nawo. Pamaso pa okukonda umachita mosamala kwambiri, ndipo kusamalako kumakuchedwetsa popanda kukuonjezera kulondola. Atsikana a zitini aja sakanamutengera kanthu shuta wathu akanaphonya. Mayi ake ankapita naye limodzi kunyumba.

Gawo lomaliza ndi limene mwanayo anandiuza yekha pansi pa mtengo. Richard Masters anaonetsa mu 1992, pa anthu ophunzira kugolera mpira wa gofu mu dzenje, kuti amene anaphunzira ali ndi malamulo ambiri a mawu m'mutu ndi amene luso lawo linkasokonekera msanga akapanikizika, chifukwa ankayamba kuyendetsa chiwalo chilichonse ndi maganizo. Ine ndinali nditamudzaza mwanayu malamulo a chigongono ndi mawondo. Gofu amapereka nthawi yoganiza. Ntchemberembaye imapereka masekondi 3.

Anzanga ena anavutika kukhulupirira kuti bwalo la pakhomo lingapweteke mwana, poti tonse tinakula tikudziwa kuti pakhomo mpowina. N'zoona kuti matimu amapambana kwambiri kwawo, ndipo ligi ya Bundesliga ku Germany itayambiranso pa 16 May 2020 m'mabwalo opanda anthu chifukwa cha Covid-19, mwayi wa pakhomowo unatsika. Koma mbali ina ya mwayiwo imadzera mwa oimbira. Mu 2002 Alan Nevill ndi anzake anaonetsa oimbira 40 kanema wa masewero a Liverpool ndi Leicester City, ena akumva phokoso la ochemerera, ena opanda phokoso. Amene ankamva phokoso analanga timu ya pakhomo mocheperapo, ndi 15.5 peresenti. Khamu lingakweze timu yonse, n'kupanikiza woimbira, koma nthawi yomweyo n'kumamiza mwana mmodzi amene waima pansi pa chitsulo.

Zimene tinachita

Ndinayamba ndi timu, chifukwa mwana amene anzake akumunong'oneza kuti wamangidwa amakhala ndi oonerera ena 6 m'bwalo momwemo. Sindinanyoze chikhulupiriro cha wina aliyense. Ndinangotsegula kope pa tsamba la masewero a koyenda aja n'kuwafunsa kuti ngati pali bwalo limene tikanaopa kumangidwa, si la eni lija kodi? Nanga bwanji anamwetsa kumeneko? Nkhani ya mchere inathera pomwepo.

Funso lovuta linali lakuti tibwerere ku kaponyedwe kakale kapena tipitirire. Kubwerera kukanatipatsa zigoli msanga. Ndinakana, ndipo ndikanakananso lero: mwanayu ali ndi msinkhu woti angapite patali, ndipo kumene akupitako mpira wa pachifuwa sudutsa. Koma ndinamufotokozera zonse ziwiri ndipo anasankha yekha kupitirira.

Ndinasiya kutchula ziwalo za thupi. M'malo mwa malamulo onse aja tinatsala ndi chithunzi chimodzi chimene anachipeza yekha: kuponya kuli ngati kusanjika mbale pamwamba pa thandala lalitali, kuiika mofatsa, osaiponya. Ankabwera mphindi 20 anzake asanafike n'kuponya mipira 100, kuyambira pansi pa chitsulo, kumabwerera m'mbuyo phazi limodzi pokhapokha 10 yotsatizana italowa. Ine ndinkatola mipira osalankhula. Tinaonjezerapo za maso, potsatira zimene Joan Vickers wa ku University of Calgary anapeza mu 1996 pa oponya basketball, kuti akatswiri amakhazika maso awo pa mphete msanga ndi kwa nthawi yotalikirapo asanatulutse mpira. Ndondomeko yake inakhala yaifupi yokwana m'masekondi atatu aja: kuponda, kukhazika maso pakati pa mphete, kutulutsa mpweya, kusanjika mbale.

Kenako ndinalakwitsa. Itangotha sabata yachiwiri, poona kuti mipira ikulowa bwino, ndinaitana kalasi yake yonse kuti idzazungulire chitsulo n'kumaimba. Ndinaganiza kuti akazolowera phokoso zitha. Mpira unatsikiranso pachibwano nthawi yomweyo, anaphonya motsatizana, wina anaseka, ndipo mwanayo anachoka pabwalo akulira. Lachinayi lotsatira sanabwere. Ndinapita kukamupeza m'kalasi n'kumupepesa, ndipo ndinamuuza kuti wolakwa ndine, ndinathamangira kuika anthu pa luso limene linali lisanakhwime. Anabwerera Lachiwiri.

Titayambiranso tinapita pang'onopang'ono, ndipo iye ndi amene ankanena kuti wakonzeka kukwera sitepe ina. Anayamba ndi mnzake mmodzi wa GA (womwetsa zigoli wachiwiri) ataima chete. Kenako timu yonse. Kenako timu yonse ndi foni ikujambula, atauzidwa kuti tidzaonera limodzi. Kenako anyamata ochepa ndi ng'oma yawo. Apa ndinaona chinthu chimene chinagwirizana ndi Cottrell uja: ng'oma sinkamuvuta kwenikweni. Tsiku limene linamuvuta ndi limene ndinapempha ahedi kuti adzaime pambali pa chitsulo ali chete, atagwira kope. Phokoso limabisa munthu. Munthu mmodzi wolemekezeka ali duu n'kumalemba, ameneyo ndiye ankamuumitsa manja. Tinabwereza sitepe imeneyi masiku angapo mpaka ahediwo anasanduka ngati chitsulo chachiwiri.

Mayi ake ndinakawapeza kunyumba Loweruka lina. Nkhani yotere ndi yosavuta kuipotoza, mpaka kholo n'kumva ngati ukuliuza kuti ndi limene likuononga mwana. Ndinayamba ndi kuwaonetsa zithunzi za pa foni, za ku pulakatisi ndi za pa mpikisano. Iwo monga shuta wakale anaona okha kusiyana ndisanatchule.

"Ndiye aphunzitsi, mukuti ndisiye kubwera?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ayi mayi, ndikupempha muzibwera kwambiri. Pano mumabwera pa tsiku lalikulu lokha, ndiye akakuonani mtima umamuuza kuti lero ndi la mayeso. Muzibwerako Lachinayi wamba, mudzakhale pansi pa mtengo, muzimuona akuphonya ndi kumwetsa ngati mwana wina aliyense."

Ndinawapemphanso ziwiri. Asamamukuwire malangizo ali m'bwalo, chifukwa mawu awo amawamva ngakhale pakati pa anthu onse, ndiponso pobwerera kunyumba asamawerenge naye mipira imene waphonya. Apa anaseka pang'ono, kenako anagwetsa nkhope. Anati amatero chifukwa iwo analibe wowalangiza pa nthawi yawo, ndipo safuna mwana wawo adzathere panjira monga anathera iwo. Ndinawamvetsa. Anabwera Lachinayi lotsatira ndi ntchito yawo yoluka, ndipo anapitiriza kubwera. Masiku awiri oyamba shuta anaphonya kwambiri. Pofika ulendo wachinayi ankaiwala kuti alipo, mpaka kuwatuma kuti amusungire botolo la madzi.

Woonerera womaliza kumusuntha ndinali ine. Pa masewero ndinali ndi chizolowezi choima moyang'anizana ndi mbali imene tikumwetsa, manja nditapinda pachifuwa, ndipo zithunzi zinaonetsa kuti akangophonya mutu wake unkatembenukira kwa ine mpira usanagwe n'komwe, moti ngakhale mpira wobwerera ankauphonya nawo. Tsopano ndimakhala pansi pa benchi, chapakati, ndipo za kaponyedwe sindilankhula naye mpaka Lachiwiri. Pa nthawi yopuma ndimangomuuza za mayendedwe ndi za GK amene akulimbana naye. M'masewero oyamba a teremu yachitatu tinagwirizananso ndi GA kuti kota yoyamba aziponya yekha mipira yakutali, kuti shuta ayambe ndi yapafupi imene imamukhazika mtima pansi.

Pamene tafika

Teremu yachitatu tinasewera kanayi pakhomo, ndipo mayi ake anaonerera masewero atatu. Wezulo ya masekondi 3 sinamulirirenso. M'kope, kusiyana kwa pakhomo ndi koyenda kwachepa kwambiri, koma sikunathe. Kota yoyamba akadali wouma, ndipo mipira iwiri kapena itatu yoyambirira nthawi zambiri imapita mwamphamvu kwambiri. Pofika kota yachiwiri amakhala shuta wa Lachinayi uja. Dzanja lamanzere limabwereranso pa malo amodzi okha: akakhala patali ndi chitsulo, m'mphindi zomaliza, zigoli zikufanana. Pamenepo tinagwirizana kuti azipatsira GA n'kulowa m'kati kuti alandirenso pafupi, mpaka kaponyedwe katsopano kadzakwanitse chaka.

Anyamata aja ndinawapempha kuti azichemerera timu yonse m'malo motchula dzina la Mwai pa iye yekha. Amamvera masiku ena, masiku ena ayi, ndipo ndasiya kulimbana nazo chifukwa iye mwini akuti tsopano amazimva ngati phokoso wamba.

Amalume ake sanaonererenso chichokereni tsiku lija, poti amagwira ntchito kutali ndipo amabwera kamodzikamodzi. Shuta anandiuza yekha kuti ameneyo ndiye akumuopabe, chifukwa akamuona amakumbuka fizi. Mayi ake alankhula nawo, ndipo avomera kuti akadzabwera kumapeto kwa mwezi adzafikira pabwalo Loweruka m'mawa, popanda mpikisano, popanda ng'oma. Adzakhala akutola mipira pansi pa chitsulo, mphwawo akuponya 100 yake.